Mmene munthu m'modzi anagwetsera banki ya Barings mu 1995

Aphunzitsi anzanga ndi inu amene munadutsa m'manja mwanga, ambiri mwayamba kugula masheya pa Malawi Stock Exchange. Musanapite patali, tamvani mbiri iyi.

Banki ya Barings inakhazikitsidwa ku London mu 1762. Inali yolimba moti mu 1803 inathandiza dziko la America kulipira dziko la France pogula dera la Louisiana. Koma itatha zaka zoposa 230, inagwa chifukwa cha mnyamata wa zaka 28 dzina lake Nick Leeson.

Mu 1992 Leeson anatumizidwa ku Singapore kukayendetsa malonda a bankiyi. Kumeneko anayamba kubetcha ndi ndalama za banki polosera mmene mitengo ya masheya a ku Japan iyendere. Akaluza, ankabisa zotayikazo mu akaunti ya nambala 88888. Zinali zosavuta, chifukwa wochita malonda anali iye, woyang'anira mabuku analinso iye yemweyo. Pofika kumapeto kwa 1994, ndalama zotayika zinali zitapitirira mapaundi 200 miliyoni.

M'malo moulula, Leeson ankawonjezera ndalama zobetchera kuti abweze zonse nthawi imodzi. Pa 17 Januwale 1995 chivomezi chinagwedeza mzinda wa Kobe ndipo mitengo ya masheya ku Japan inatsika. Iye anagulabe, poyembekeza kuti ikwera msanga. Siinakwere. Pa 23 Febuluwale anathawa, ndipo zotayika zonse zinakwana mapaundi 827 miliyoni. Banki ya ING ya ku Netherlands inagula Barings pa mtengo wa paundi imodzi yokha. Leeson anagwidwa ku Frankfurt, ndipo khoti la ku Singapore linamugamula kukhala kundende zaka zisanu ndi chimodzi ndi theka. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Ena amaloza chala chivomezi. Ine ndikuti ayi. Amalonda ena analuzanso masiku amenewo, koma sanagwe. Chimene chinapha Barings ndi kukula kwa ndalama zimene anaika pa chinthu chimodzi, popanda malire oti apa ndalekeza.

Nchifukwa chake amalonda ochenjera amayamba awerengera zimene angataye asanaganize za phindu. Ambiri salola kutaya ndalama zoposa 2 pa 100 za mpamba wawo pa malonda amodzi. Ngati mpamba ndi K1,000,000, malire ndi K20,000. Mtengo ukatsika kufika pamenepo, amagulitsa osazengereza. Masamu ake ndi a Fomu 1: ukataya theka la mpamba, uyenera kupindula 100 pa 100 kuti ungobwerera pomwe unali.

Choncho musanagule, lembani malire anu papepala ndipo muonetse mnzanu wodalirika. Ndalama ya fizi ndi ya feteleza isapite kumsika wa masheya.