Makalata a Asilikali a ku Burma

Agogo anga aamuna anali mkamwini m'dera la Mfumu Mlolo, ku Chadiza, pamene analembedwa usilikali ku Fort Jameson, komwe lero ndi Chipata. Nthawiyo Chadiza yense ankalamulidwa kuchokera kumeneko. Anawaika m'gulu loyamba la Northern Rhodesia Regiment, lija linamenyana ndi Ataliyana ku Tug Argan, ku Somaliland, mu Ogasiti 1940. Iwo analowa zimenezo zitapita kale. Ulendo wawo unali wa sitima ya pamadzi, kupita ku Ceylon, kenako ku Burma.

Mu 1944 asilikali a 11th East Africa Division, momwe munali gulu la agogo, anatsikira m'chigwa cha Kabaw mvula ili pachimake, kuthamangitsa Ajapani. Matope ankameza malole, chakudya chinkachita kuponyedwa ndi ndege, malungo ndi misundu zosatha. Anafika pa Kalewa, m'mbali mwa mtsinje wa Chindwin, mu Disembala. Mayina amenewa alipobe pa makampu a asilikali: Kalewa ndi Tug Argan ku Ndola, Chindwin ku Kabwe. Koma agogo akayamba kusimba, za mfuti ankangodutsapo. Ankakhazikika pa mpunga umene unawatopetsa, ndi pa makalata.

Sankadziwa kulemba. Ankapempha mnzawo amene anapitako kusukulu ya mishoni, iwo n'kumanena mawu. Kalatayo inkayamba yadutsa kwa akuluakulu a nkhondo, amene ankafufuta dzina lililonse la malo. Ikafika kumudzi patapita miyezi, agogo aakazi ankaitengera kwa aphunzitsi, ndipo inkawerengedwa mokweza, apongozi ndi amalume ali pomwepo. Tsono mwamuna anganene chiyani kwa mkazi wake pamaso pa anthu onsewo? "Ndili bwino, kaya inu. Mwakolola bwanji? Mwana akuyenda?" Basi. Ine zimandiwawa kuti chikondi cha zaka zonsezo chinkabisala m'mafunso a chimanga.

Kwa Mchewa vuto linali lalikulu kuposa kusowana. Mkamwini amalemekezeka ndi khasu lake: alime, amange nkhokwe, afolere nyumba. Akasowa zaka zinayi, kuchikazi amayamba kufunsa ngati ukwati ulipo. Ndalama imene msilikali ankadulitsa pa malipiro ake inkalandiridwa kuboma, ulendo wautali wapansi, ndipo ikafika m'mudzi aliyense anali ndi dzanja. Azimayi ena anapirira. Ena ankhoswe anawamasula, ndipo sindiwaweruza, pakuti amuna ambiri a kuno anali atatha kale kupita ku mapurazi a Southern Rhodesia ndi kumigodi, minda itatsalira akazi okha. Mbiri za nkhondo zinkafika kudzera m'nyuzipepala ya boma ya Mutende, koma nyuzipepala sinkauza mayi ngati mwamuna wake ali moyo.

Agogo anabwera mu 1946 ndi jasi la khaki, mamendulo ndi kandalama kamene anagulira njinga. Ukwati anaupeza. Chimene sanachipeze ndi malo awo pakhomo, chifukwa mlamu wawo ndiye ankagamula za munda ndi za mwana, ndipo mlandu wa ndalama zotumizidwa zija unakambidwa kwa amfumu mpaka dzinja lotsatira.