Mageti a lojiki

Geti ya lojiki ndi kachipangizo ka magetsi kamene kamalandira chizindikiro chimodzi kapena zingapo, n'kutulutsa yankho limodzi. Zizindikirozo zili ziwiri basi: 1 pamene mphamvu ya magetsi yakwera, ndi 0 pamene yatsika. Kompyuta, foni ndi kakyuleta zimawerengera ndi kusankha zochita kudzera m'mageti amenewa.

Masamu ake anayambitsa ndi George Boole, Mngelezi amene ankaphunzitsa ku Cork, m'mabuku ake a 1847 ndi 1854. Mu 1937 Claude Shannon, ali wophunzira ku MIT, anasonyeza kuti masamuwo angagwire ntchito pa maswichi a magetsi. Transista itapangidwa ku Bell Labs mu 1947, mageti anayamba kuchepa thupi, ndipo lero chip imodzi imanyamula matransista mabiliyoni.

Mageti oyambira ndi atatu. Ya AND imatulutsa 1 pokhapokha zolowa zonse zili 1. Wa ku Mwanza amaidziwa bwino ntchito yotere: thiraki yochokera ku Zobue siilowa mumsewu wa M6 ngati a MRA avomereza katundu koma a Immigration akana pasipoti ya dalaivala. Onse awiri avomere, ndiye inyamuke. Ya OR imangofuna kuti chimodzi mwa zolowazo chikhale 1. Ya NOT imalandira chizindikiro chimodzi n'kuchitembenuza: 1 asanduke 0, 0 asanduke 1.

Pa atatuwa pamachokera ena, monga NAND, NOR ndi XOR. NAND, yomwe ndi AND yotsatiridwa ndi NOT, ndiyo yofunika kuimvetsa bwino, chifukwa payokha ingathe kumanga mageti ena onse. Mukalumikiza zolowa zake ziwiri pamodzi, yasanduka NOT. Chip yotchuka ya 7400 ili ndi mageti a NAND anayi. XOR imatulutsa 1 pamene zolowa ziwirizo zasiyana. Ikaphatikizidwa ndi AND imapanga half adder, yomwe imaonkhetsa manambala awiri a bayinare (0 kapena 1): pa 1 kuphatikiza 1, XOR imapereka 0, AND n'kupereka 1 wosungira kutsogolo, yankho n'kukhala 10, kutanthauza 2.

Khalidwe la geti iliyonse limalembedwa pa truth table, tebulo losonyeza zolowa zonse zotheka ndi yankho lake. Zolowa zikakhala ziwiri mizere imakhala inayi, zikakhala zitatu imakhala isanu ndi itatu.

Phunziroli ndi maziko kwa amene akufuna kukachita sayansi ya makompyuta ku MUBAS kapena ku MUST, ndipo siliyenera kudikira kuti sukulu ipeze labu. Batire, babu ya tochi, waya ndi maswichi awiri n'zokwanira ngakhale kusukulu ya ku Thambani. Maswichiwo akalumikizidwa motsatizana pa waya mmodzi, babu imayaka ngati geti ya AND. Akaikidwa pa nthambi ziwiri zoyendera limodzi, imayaka ngati ya OR.