Beni ndi Malipenga: Mkangano wa Khutu ndi Diso

Kuchokera pa doko la Kachulu, kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, kukafika ku Zomba pali mtunda wa makilomita pafupifupi 30, ulendo umene makolo ankayenda pansi tsiku limodzi. M'njira imeneyi simunadutse matemba ndi mpunga zokha ayi. Munadutsanso anyamata okalembedwa usilikali, pakuti ku Zomba ndiko kunali likulu la Boma kufikira chaka cha 1975, ndiponso kampu yaikulu ya King's African Rifles, gulu limene linakhazikitsidwa mu 1902 ndipo anthu analitcha Keyala. Ambiri a asilikali oyambawo anali Ayao. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, imene akuluakulu ankaitchula kuti ya Chiwaya, amuna a Nyasalande pafupifupi 200,000 anatengedwa kukasenza katundu pa ntchito ya tengatenga, kuwonjezera pa amene anagwira mfuti. Amene anapulumuka anabwera ndi zipsera ndi matenda, koma anabweranso ndi gule, ndiye beni, amene amavinidwa kufikira lero m'maboma a Zomba, Machinga ndi Mangochi.

Guleyu sanabadwire kuno. Anayambira m'mizinda ya Aswahili ya m'mbali mwa nyanja yamchere, monga Mombasa ndi Lamu, m'zaka za m'ma 1890, ndipo dzina lake linachokera ku mawu a Chingerezi akuti band. Terence Ranger, amene analondola mbiri yake m'buku lotuluka mu 1975, anaonetsa kuti chiyambire beni anali gule wa mpikisano: ku Mombasa kunali magulu a Kingi ndi Scotchi, ndipo m'dziko limene Ajeremani ankalamulira, lomwe lero ndi Tanzania, kunali Marini ndi Arinoti. Gulu lililonse linkafuna kuposa linzake pa zinthu ziwiri, kuimba ndi maonekedwe. Tsono zinthu ziwirizi sizigwirizana nthawi zonse, ndipo mbiri ya magule amenewa yagona pa mkangano wa khutu ndi diso.

Kuti munthu amvetse mkanganowu ayenera kuyamba waona perete wa asilikali. Pa perete ng'oma ndi kapolo wa phazi. Asilikali poguba amaponda kokwanira pafupifupi 120 pa mphindi imodzi, ndipo ng'oma yaikulu ntchito yake ndiyo kuuza phazi lamanzere nthawi yotera pansi, kuti anthu zana aoneke ngati munthu mmodzi. Woimba ng'omayo saloledwa kuonetsa luso lake lonse, pakuti akangokometsera pang'ono mzere wasokonezeka. Lipenga la mkuwa lopanda zodina, limene linkadzutsa asilikali m'mawa, limatulutsa mawu pafupifupi asanu okha. Kunena zoona, nyimbo za pa perete zinali zosauka dala, kuti maso adyerere.

Kumudzi zinthu zinali zosiyana kotheratu. Kumeneko ng'oma siziyankhula chimodzimodzi: ina ikamawerenga ziwiri, inzake m'nthawi yomweyo imawerenga zitatu, ndipo kukoma kwa gule kumatuluka pamene ziwirizo zikupingasana ndi kukumananso. Wovina wodziwa amatsata ng'oma ina ndi mapazi, ina ndi mapewa kapena chiuno. A. M. Jones, mmishonale amene anaphunzitsa ku Mapanza m'dziko limene lero ndi Zambia, analemba za gule wa mganda mu 1945, ndipo moyo wake wonse anayesetsa kufotokozera Azungu anzake kupingasana kwa ng'oma kumeneku, kumene ambiri a iwo ankakuyesa phokoso chabe. Msilikali wobwera kunkhondo anali nazo zonse ziwiri m'thupi mwake, mzere wa Keyala ndi ng'oma za kwawo, ndipo anafuna kuti gule wake asataye chimodzi mwa izo. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ng'oma zikachuluka luso, ovina makumi awiri sangathe kutembenuka pamodzi. Mzere ukawongoka ngati chingwe, anthu oonerera amayamba kuyasamula chifukwa ng'oma zazizira.

Atonga a ku Nkhata Bay, amene gule wawo ndi malipenga, anapatsa diso gawo lalikulu. Gulu la ovina amalitcha boma, ndipo lili ndi maudindo monga Kingi, Kaputeni ndi Dokotala. Zovala ndi zoyera mbee, makabudula ndi malaya ositidwa bwino, masokosi ofika m'mawondo, ndipo mayendedwe ake ndi odekha, aulemu, ngati a munthu amene safuna kuti fumbi limukhudze. Ng'oma ndi zochepa ndipo sizithamanga. Koma munthu asafulumire kunena kuti khutu analimana, pakuti luso analisamutsira kwina. Posowa malipenga a mkuwa anatenga zikho, naziboola, namatapo kansalu koyera kamene kangaude amaikiramo mazira. Chikho chotere chilibe nyimbo yakeyake. Munthu amaimbiramo ndi mawu a pakhosi pake, ndipo kansaluko kamanjenjemera ndi kuwakuza. Motero chikho cha m'munda chinaposa lipenga la Mfumu ya ku England, chifukwa chimatha kutsata nyimbo iliyonse imene pakhosi pangathe, ndipo zikho zazikulu ndi zazing'ono zimagawana mawu monga kwaya. Pano mpamene pali chinsinsi cha kudekha kuja. Munthu amene akuimba m'chikho ndiye yemwenso akuvina, ndipo mpweya wake ndi umodzi. Akalumpha kwambiri nyimbo iduka. Akatalikitsa nyimbo miyendo ilema. Wokonza gule ayenera kudziwa malo amene mapazi apumule kuti zikho zimveke, ndi malo amene zikho zikhale chete kuti mzere uonetse zake. Hugh Tracey, amene anayendera dziko lino ndi makina ojambulira mawu m'zaka za m'ma 1950, anasunga ena a malipenga amenewa, ndipo womvera lero amamva nyimbo yokhayo, osaona zoyera zija.

Beni wa Ayao anapendekera mbali ina. Zovala zake ndi za khaki, zipewa za usilikali ndi mamendulo pachifuwa, mtsogoleri ali ndi wezulo, ndipo gule amayamba ndi kuguba ndi sawatcha monga pa perete. Koma ng'oma zikatentha, thupi limene linauma ngati mtengo limamasuka, mapewa ndi chiuno zimayamba kunjenjemera, ndipo anthu amaseka poona msilikali wa mamendulo akuchita zimene sajeni wa ku Zomba akanamutsekera nazo m'chitokosi. Vuto la mpweya analithetsa pogawana ntchito: kuimba kwakukulu kuli ndi amayi ndi oimba ng'oma, kotero kuti wovina ali ndi ufulu wotha mphamvu zake zonse m'thupi. Mtengo wake ndi wakuti mzere sukhalitsa. Wezulo uja ndiye amaubweza, ndipo mtsogoleri wanzeru amadziwika pa kuliza kwake: akafulumira wapha gule asanapse, akachedwa gulu lamwazikana ndipo usilikali watha.

Kulemera kwa maonekedwe kunali ndi chifukwa chake. M'masiku a msonkho ndi thangata, malaya oyera ndi nsapato zinali umboni wakuti mudzi uli ndi ana amene anapita ku Joni kapena ku Salisbury nabwera ndi kanthu. J. Clyde Mitchell, amene anayamba wakhala pakati pa Ayao a dziko lino asanapite ku migodi ya mkuwa, anafotokoza mu 1956 gule wa kalela wa ku Luanshya, mbale wake wa beni. M'gulu limene iye anaona munali mkazi wovala ngati namwino, amene ankayenda pakati pa ovina ndi kalilole ndi kampango kuti aliyense adzione ngati akali waudongo. Udindo wotere sukanakhalapo pakanapanda oonerera amene ankawerenga thukuta ndi fumbi monga zolakwa.

Nkhondo yomweyo inabala mwana wina kutsidya kwa nyanja. Ku America asilikali opuma, kudzera m'mabungwe awo monga American Legion, anayambitsa magulu a achinyamata oimba ng'oma ndi malipenga poguba, ndipo mu 1972 kunachitika mpikisano woyamba wa Drum Corps International. Kumeneko mkangano wa khutu ndi diso anauika papepala: mwa malikisi 100, oweruza amapereka 30 pa kuimba, 30 pa maonekedwe, ndi 40 pa mmene zonse pamodzi zagwirira mtima wa oonerera. Chodabwitsa ndi chakuti gawo lalikulu analipereka kwa chinthu chimene sichiyezeka ndi rula. Pa bwalo la kumudzi panalibe pepala, koma chiweruzo chinali chomwecho, pakuti nthungululu za amayi ndi kukhamukira kwa anthu ku gulu limodzi zinkanena amene wapambana.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, magulewa anapeza mabwalo awiri atsopano, ndipo lililonse linakokera kwake. Pa zikondwerero za pa 6 Julaye m'bwalo lalikulu la ku Blantyre, magulu ankapatsidwa nthawi yochepa, ndipo munthu wokhala pamwamba patali ankaona mizere ndi zovala koma kang'oma kakang'ono sikankamufika bwino. Wailesi ya MBC, imene inayamba chaka chomwecho, inachita zosiyana: inatenga nyimbo ndi ng'oma nisiya mamendulo onse kunja. Mphunzitsi amene akonzekeretsa ana a sukulu ya pulayimale ku mpikisano wa magule amalandira mkangano womwewu, ndipo kawirikawiri yunifolomu ndi mzere ndizo zimayamba kumudya nthawi, chifukwa zolakwa zake zimaoneka msanga, pamene mwana woimba ng'oma amangouzidwa kuti asathamange. M'midzi ya kwa Mwambo ndi kwa Kuntumanji, gule akachitika m'chilimwe mpunga utakololedwa, anthu amazungulira pafupi kwambiri kotero kuti fumbi la ovina limawagwera, ndipo pa mtunda wotere munthu amamva kang'oma kaja ndi kuona phazi limene laphonya.