Mmodzi kusukulu, wina kumunda

Lero ndikambeko mbiri ya kwathu, osati ya m'silabasi.

Kuno ku Chileka mpaka ku Lirangwe mabanja ambiri akhala akutsata chikamwini. Mwamuna amakakhala kwa mkazi, munda umadutsira kwa ana aakazi, ndipo amalume ndiwo eni mbumba. Sukulu za mishoni zitafika, kuyambira ya Blantyre Mission yomwe inakhazikitsidwa mu 1876, makolo anapeza chuma chachiwiri chogawa: fizi. Ndalama zikachepa, ambiri ankaganiza kuti mtsikana ali kale ndi munda, choncho mnyamata ndiye aphunzire. Iwo ankati ndi nzeru. Kwa mwana wosiyidwayo kunali kukondera.

Kwathu zinachitika mu 1990. Bambo anagulitsa mbuzi ku Lirangwe, ndalama zinakwanira mwana mmodzi. Achemwali anga, omwe ankandiposa masamu, analekezera Sitandade 6. Ine ndinapitirira.

Mu 1994 boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale, ndipo ophunzira anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Apo n'kuti achemwali ali kale ndi mwana kumbuyo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011, lomwe linalowa m'malo mwa la 1967, limateteza ana onse, koma silingabweze zaka zomwe munthu anataya.

Ku America, Karl Pillemer ndi Jill Suitor anafalitsa kafukufuku mu 2010 woonetsa kuti pamene mayi amasiyanitsa ana, anawo akakula amakhala ndi zizindikiro zambiri za matenda a kukhumudwa, wokondedwayo ndi wosalidwayo omwe. Nditawerenga ndinadziona ndekha. Malipiro akatuluka ndinkasowa tulo, ngati ndalamazo ndi za munthu wina. Achemwali nawo anakhala zaka osaponda pakhomo panga.

Pamaliro a bambo ndi pomwe anandiuza kuti, “Achimwene, si fiziyo ayi. Chinandiwawa n'choti palibe anandifunsa.” Ndinasowa chonena. Lero mwana wawo wamkazi ali Fomu 3, fizi ndikulipira ndine. Ngongoleyo siinathe, koma tikuyenderana.

Anzanga, mwana akasowa m'kalasi pamene mchimwene wake akubwerabe, tiyeni tikafunse kunyumba. Inu ophunzira anga amene tsopano ndinu makolo, ndalama zikachepa khalani pansi ndi ana onse muwafotokozere.