Hollywood inawadziwa ali ndi zaka 63: mbiri ya Jacki Weaver

Mu Januwale 2011, pamene mayina a opikisana pa mphoto za Oscar ankalengezedwa, panali dzina limodzi limene anthu ambiri a ku America ankayamba kumene kulimva: Jacki Weaver. Mwini dzinalo anali mayi wa zaka 63, wamfupi msinkhu, wa mawu aang'ono okhala ngati a kamtsikana. Kwawo ku Australia nkhaniyi inasangalatsa anthu, koma sinawadabwitse kwenikweni. Iwo anali atawaonera mayiwa kwa zaka pafupifupi 50, pa siteji, pa wailesi yakanema ndi m'mafilimu, ndipo ena mwa amene ankawaombera m'manja ali achinyamata anali atakhala kale ndi zidzukulu.

Jacqueline Ruth Weaver anabadwa pa 25 Meyi 1947 ku Hurstville, dera la mumzinda wa Sydney. Bambo ake anali loya, mayi ake anachokera ku England. Anaphunzira pa Hornsby Girls' High School, ndipo adakali pasukulupo, ali ndi zaka 15, anapatsidwa malo a Cinderella m'sewero lina la pa Phillip Street Theatre mu Sydney momwemo. Wailesi yakanema inali itangofika kumene m'dzikomo mu 1956, ndipo inali ndi njala ya nkhope zatsopano. Mtsikanayo anayamba kuoneka pa Bandstand, pologalamu ya nyimbo imene achinyamata a nthawi imeneyo sankaiphonya.

Koma kodi munthu wofuna kukhala wa zisudzo akanapita kuti ku Australia ya m'ma 1960? Ntchito yopanga mafilimu inali itatsala pang'ono kuferatu. M'nyumba zoonetsera kanema munkadzaza mafilimu a ku America ndi ku Britain, ndipo amene anali ndi luso, monga Peter Finch ndi Rod Taylor, ankanyamuka kukafuna mwayi kunja. Ngakhale pa siteji, masewero ambiri ankachokera ku London, moti ochita zisudzo ankaphunzitsidwa kubisa kalankhulidwe kawo ka ku Australia n'kumalankhula ngati Angelezi.

Zinthu zinasintha Weaver atangokwanitsa zaka 20 n'kupitirira pang'ono. Mu 1970 boma la nduna yaikulu John Gorton linakhazikitsa bungwe la Australian Film Development Corporation loti lizithira ndalama m'mafilimu a m'dzikomo. Nthawi yomweyo timagulu ta zisudzo tinayamba kuphuka m'malo osayembekezeka: La Mama ndi Pram Factory ku Melbourne, ndiponso Nimrod ku Sydney, yomwe inayambira m'nyumba yakale yosungiramo akavalo. Alembi achinyamata monga David Williamson anayamba kulemba za anthu a ku Australia momwe alili, akumwa mowa, akutukwana, akukangana ndi apolisi. Weaver anakwanira bwino m'masewero amenewa, chifukwa analibe chobisa pa kalankhulidwe kake.

Filimu yake yoyamba yodziwika inali Stork ya mu 1971, yotsogoleredwa ndi Tim Burstall kuchokera pa sewero la Williamson. Inapangidwa ndi ndalama zochepa zedi, koma anthu anaikonda n'kumalipira kuti aione, chinthu chimene chinali chachilendo kwa filimu ya m'dzikomo. Apo m'pamene analandira mphoto yake yoyamba ya bungwe la Australian Film Institute. Kenako kunabwera Alvin Purple mu 1973, filimu ya nthabwala za kuchipinda imene olemba ndemanga anainyoza koma inabweretsa ndalama zambiri, ndi Petersen mu 1974.

Chaka cha 1975 n'chimene ambiri amakumbukira, chifukwa cha Picnic at Hanging Rock ya Peter Weir, yochokera m'buku la Joan Lindsay. Ndi nkhani ya atsikana a pasukulu yogonera komweko amene anapita kukacheza kuthanthwe lina pa tsiku la Valentine mu 1900, ena mwa iwo n'kusowa osapezekanso. Weaver sanali mmodzi mwa atsikana ovala zoyera aja amene nkhope zawo zinali pa zithunzi zotsatsa filimuyo. Anali Minnie, wantchito wa m'nyumba pasukulupo. M'filimu yodzaza ndi anthu oyenda ngati ali m'maloto, Minnie ndi mmodzi mwa ochepa amene amaoneka kuti ali ndi magazi m'thupi, ali ndi chibwenzi, ndipo akufuna kuchoka pamalopo zinthu zisanafike poipa. Chaka chotsatira, mu Caddie, anasewera ngati Josie, mayi wogulitsa mowa mu bala ya ku Sydney m'zaka za umphawi, ndipo analandiranso mphoto ya Australian Film Institute.

Zitatero, munthu akanaganiza kuti mafilimu aziwalimbirana. Sizinatero ayi. M'zaka pafupifupi 30 zotsatira anaoneka m'mafilimu owerengeka chabe, monga Squizzy Taylor mu 1982 ndi Cosi mu 1996. Anthu olemba mbiri yawo ali kunja amakonda kudumpha zaka zimenezi ngati kuti mayiwa anali atangokhala pakhonde kudikira foni yochokera ku Hollywood. Kumeneko n'kulakwitsa, ndipo ndi kulakwitsa kwa munthu amene amayesa luso ndi kamera yokha. Zaka zimenezo Mayi Weaver anali pa siteji pafupifupi chaka chilichonse. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 iwo ndi John Waters anadzaza maholo ndi sewero la nyimbo la They're Playing Our Song. Anasewera za Neil Simon, za Tennessee Williams, za Arthur Miller, za Williamson, kuzungulira mizinda ikuluikulu ndi matauni a kumidzi omwe. Ntchito ya siteji ilibe chifundo: masewero asanu ndi atatu pa sabata, ndipo omvera akapanda kuseka pamene umayembekezera, palibe wokuuza kuti tiyambirenso. Munthu amene wachita zimenezi kwa zaka makumimakumi amadziwa pamene ayenera kukhala chete, ndi utali wa kukhala chetewo.

Manyuzipepala a kwawo, kunena zoona, nthawi zambiri ankatanganidwa ndi maukwati awo kuposa ntchito yawo, makamaka banja lawo ndi mtolankhani wotchuka Derryn Hinch. Eniake sanabise zimenezi. Anazilemba okha m'buku la moyo wawo, Much Love, Jac, lomwe linatuluka mu 2005. Buku lotere munthu amalemba akaona kuti zazikulu zachitika kale.

Kenako kunabwera David Michôd, mnyamata amene anali asanapangepo filimu yaitali. Filimu yake ya Animal Kingdom, yomwe inatuluka mu 2010, inatenga maziko ake pa mbiri ya banja la zigawenga la Pettingill ku Melbourne ndi kuphedwa kwa apolisi awiri mumsewu wa Walsh mu 1988. Nkhani yake ndi ya mnyamata wa zaka 17 amene mayi ake amwalira ndi mankhwala ozunguza bongo, iye n'kupita kukakhala ndi agogo ake aakazi, Janine Cody, odziwika kuti Smurf, pamodzi ndi amalume ake omwe ndi mbava za mfuti. Michôd ankafuna Weaver pa malo a agogowo, ndipo nzeru yake inali apa: munthu wina akanasankha mayi wa nkhope yoopsa ndi mawu okhuthala. Iye anasankha mayi amene dziko lonse linkamudziwa ngati wansangala. Smurf amamwetulira, amakonzera ana ake chakumwa, amawapsompsona pakamwa motalikitsa mpaka woonera kuyamba kusowa mtendere pampando. Ndipo atafika poganiza kuti mdzukulu wake akhoza kuulula zinsinsi za banja kupolisi, akukonza zoti mwanayo aphedwe ndi mawu okoma omwewo. Kuopsa kwa Smurf kumachokera pa kusasintha kwa nkhope yake.

Filimuyo inapambana mphoto yaikulu ya mafilimu a kunja ku Sundance mu 2010. Weaver analandira mphoto kuchokera kwa olemba ndemanga a ku Los Angeles ndi ku National Board of Review, ngakhale Oscar yeniyeniyo inapita kwa Melissa Leo wa mu The Fighter. Chosangalatsa n'chakuti pamene phokoso lonseli linkayamba, mayiwa anali pa siteji ya Sydney Theatre Company mu Uncle Vanya ya Chekhov, akusewera ngati Marina, mlezi wokalamba, pambali pa Cate Blanchett, Hugo Weaving ndi Richard Roxburgh. Seweroli linakaonetsedwanso ku Washington ndi ku New York.

Patangotha zaka ziwiri dzina lawo linalowanso pa mndandanda wa Oscar chifukwa cha Silver Linings Playbook ya David O. Russell, momwe anali Dolores, yemwe m'filimuyo ndi mkazi wa Robert De Niro ndi mayi wa Bradley Cooper. Mawu awo m'filimuyo ndi ochepa. Ntchito yambiri akuichita ndi maso, akuyang'ana mwamuna wawo ndi mwana wawo, onse amutu wotentha, kuti aone amene ayambe kuphulika. Ulendo uno mphoto inapita kwa Anne Hathaway.

Kuyambira pamenepo ntchito sinasowe: Stoker, Parkland momwe anali mayi ake a Lee Harvey Oswald, Widows, Bird Box, ndi zina zimene, tisanamizane, sizinali zoyenera luso lawo. Mu 2014 dziko lawo linawapatsa ulemu wa Officer of the Order of Australia. Pamene Animal Kingdom inasandutsidwa sewero la pa wailesi yakanema ku America mu 2016, malo a Smurf anapatsidwa kwa Ellen Barkin, koma Weaver anapeza anthu ena ouma mtima oti asewere. Mu Yellowstone anali Caroline Warner, bwana wa kampani yofuna kulanda malo a banja la Dutton ku Montana, ndipo mu Clipped ya mu 2024, ali ndi zaka 77, anali Shelly Sterling, mayi amene anagulitsa timu ya basiketibo ya Los Angeles Clippers mwamuna wake atachotsedwa mu ligi chifukwa cha mawu a tsankho.