Kagwiritsidwe ntchito ka makhadi a ku banki paulendo wa kunja kwa dziko lino

Mabasi opita ku Johannesburg akanyamuka mumzinda wa Lilongwe amatsata msewu wa M1 ndi kudzera pa Nathenje. Ena mwa anthu amene amakwera mabasiwa ndi ochita malonda a pa Nathenje pomwepo ndi a ku Mitundu, opita kukaoda zovala, zofunda, zipangizo za galimoto ndi katundu wina wodzagulitsa m'misika ya kumwera kwa boma la Lilongwe. Masiku ano si onse amene amamanga mpamba wawo m'chiuno monga zinkachitikira kale. Ena amanyamula khadi la ku banki. Khadili ndi lothandiza, koma lili ndi malamulo ake, ndipo munthu wosawadziwa akhoza kusowa pogwira m'dziko la eni ndalama zake zili chikhalire mu akaunti kuno kumudzi.

Ulendo wa ku Joni si wachilendo kwa anthu a m'maderawa. Abambo amene ankapita ku migodi kudzera ku Wenela, ndipo pambuyo pake ku Theba, sankadandaula kwambiri za kanyamulidwe ka ndalama chifukwa gawo lina la malipiro awo ankadzalandirira kuno akabwerera. Ochita malonda amene anayamba kuyenda pambuyo pake ankadalira ndalama za m'manja kapena macheke a apaulendo, amene tsopano anasiya kugwiritsidwa ntchito m'malo ambiri. Kumidzi makhadi anafika makamaka kudzera mu fodya, popeza mlimi wogulitsa fodya ku okushoni ya ku Kanengo amalandirira ndalama zake ku banki. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 kunabwera makhadi a Malswitch, ndipo m'chaka cha 2015 kunakhazikitsidwa National Switch, imene inalumikiza makina a ATM a mabanki osiyanasiyana kuti munthu azitha kutapa ndalama pamakina a banki imene si yake.

Mitundu iwiri ya makhadi

Khadi limene anthu ambiri ali nalo, lomwe amangolitchula kuti khadi la ATM, ndi la debiti. Limatapa ndalama zimene mwini wake ali nazo kale mu akaunti, ndipo zikatha nalonso limaleka kugwira ntchito. Khadi la kirediti ndi la ngongole. Banki imamulipirira munthuyo, iye n'kudzabweza pambuyo pake. Makhadi otere ali ndi anthu ochepa m'dziko muno, makamaka olandira malipiro a pamwezi ndi eni makampani, ndipo ngongole yake ndi yowawa. M'chaka cha 2024 Reserve Bank of Malawi inakweza chiwongoladzanja chimene mabanki amatsatira kufika pa 26 peresenti, ndipo chiwongoladzanja cha mabanki kwa makasitomala awo chimakhala pamwamba pa chimenechi. Wotapa ndalama za m'manja pa ATM pogwiritsa ntchito khadi la kirediti amayamba kuwerengeredwa chiwongoladzanja tsiku lomwelo.

Si khadi lililonse limene limagwira ntchito kunja. Loyenda nalo liyenera kukhala ndi chizindikiro cha Visa kapena Mastercard, ndipo tsiku lotha ntchito lolembedwa pakhadipo lisafike munthu ali paulendo. Ngakhale chizindikirocho chilipo, mabanki ena amatseka njira yogulira zinthu kunja mpaka mwini khadi atapempha kuti aitsegule.

Makwacha a mu akaunti si madola

Mfundo imene imasokoneza anthu ambiri ndi yakuti khadi silinyamula ndalama. Munthu akagula katundu m'sitolo ya ku Johannesburg, mwini sitolo amalandira ma rand. Kampani ya Visa kapena Mastercard imawerengera ma rand aja, kawirikawiri mu madola a dziko la America, ndipo banki ya kuno imayenera kulipira madolawo kuchokera m'thumba lake la ndalama zakunja, kenako n'kudula makwacha mu akaunti ya wogulayo. Choncho khadi limagwira ntchito molingana ndi kuchuluka kwa ndalama zakunja zimene bankiyo yalola kutulutsa. Kukhala ndi mamiliyoni a makwacha mu akaunti si chitsimikizo chakuti makina a kunja avomera khadilo.

Alimi a fodya a ku Mitundu akhoza kumvetsa bwino nkhaniyi chifukwa amaiona mbali inayo. Fodya wawo amagulidwa mu madola, koma chimene chimalowa mu akaunti ya mlimi wamba ndi makwacha. Mlimi yemweyo akafuna kuyenda, amayenera kugulanso madola, ndipo pamenepo amakhala pamzere umodzi ndi ogula mafuta a galimoto, feteleza ndi mankhwala a m'zipatala. Kaamba ka kusowa kwa ndalama zakunja kumene kunakula kuyambira m'chaka cha 2022, mabanki a m'dziko muno anachepetsa ndalama zimene khadi limodzi lingatulutse kunja patsiku kapena pamwezi. Malire amenewa amasiyana pakati pa banki ndi banki ndipo amasinthasintha, nthawi zina munthu ali kale paulendo.

Mtengo wosinthira nawonso umatengera tsiku limene banki yadula ndalamazo, osati tsiku limene munthu anachoka pakhomo. M'mwezi wa May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pafupifupi pa K1,180 kufika pafupifupi pa K1,700. Munthu amene anali ndi K1 miliyoni mu akaunti akanagula katundu wa madola pafupifupi 850 kumayambiriro kwa mweziwo, koma kwacha itagwa ndalama yomweyo inangokwana madola osapitirira 590. Amene anali atagula kale ndalama zakunja m'manja sanakhudzidwe. Amene ankadalira khadi, mpamba wawo unachepa usiku umodzi.

Pamwamba pa mtengo wosinthira pali ndalama zina zimene zimadulidwa. Banki ya kuno imatenga kangachepe pa chilichonse chogulidwa kunja, ndipo potapa ndalama pa ATM pamakhala malipiro a banki ya kuno komanso nthawi zambiri a banki ya eni makinawo. Popeza ena mwa malipirowa amadulidwa nthawi iliyonse imene munthu watapa, kutapa kakhumi pang'onopang'ono kumadya ndalama zambiri kusiyana ndi kutapa kawiri. Kulipira ndi khadi pakauntala ya sitolo kawirikawiri n'kotchipa kuposa kutapa ndalama za m'manja. Makina ena amafunsa ngati munthu akufuna kuti amuwerengere m'ndalama ya dzikolo kapena m'ndalama ina monga dola. Ndi bwino kusankha ndalama ya dziko limene munthuyo ali, chifukwa mtengo umene makinawo amaika okha umakhala wokwera.

Zoyenera kuchita asananyamuke

Zambiri mwa izi zimakonzedwa ndi ulendo umodzi wa ku banki. Anthu a ku Mitundu, pamtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera mumzinda wa Lilongwe, amathandizidwa zambiri ndi maejenti a mabanki komanso a Airtel Money ndi TNM Mpamba, koma nkhani za khadi la kunja zimafunika ku nthambi yeniyeni ya banki. Wapaulendo atenge pasipoti, chiphaso cha unzika ndi tikiti ya basi kapena ndege, auze banki maiko amene adutsemo ndi masiku ake, ndipo afunse kuchuluka kwa ndalama zimene khadi lake liloledwe kutulutsa patsiku ndi paulendo wonse. Banki imene sinauzidwe ikhoza kutseka khadi ikaona likugwiritsidwa ntchito ku Harare kapena ku Musina, poganiza kuti labedwa.

Nkhani ya foni imaiwalika kawirikawiri. Pogula zinthu pa intaneti, monga tikiti yobwererera, banki imatumiza nambala yotsimikizira ku foni ya kuno. Munthu akachotsa simu khadi yake ya Airtel kapena TNM n'kuikamo ya dziko lina, uthengawo sufika ndipo malonda amalephereka. N'chifukwa chake oyenda pafupipafupi amasunga simu khadi ya kumudzi m'foni yachiwiri, atapempha kampani kuti izigwira ntchito kunja. Nambala ya foni ya banki yoimbira khadi likatayika ilembedwe papepala ndi kusungidwa posiyana ndi khadilo.

Maiko anayi, ndalama zinayi

Basi yodutsa pa Nathenje imatulukira pachipata cha Dedza kulowa ku Calómuè m'dziko la Mozambique, imawoloka mtsinje wa Zambezi ku Tete, imalowa m'dziko la Zimbabwe pa Nyamapanda, kenako Harare, Beitbridge ndi Johannesburg. Ndi ulendo wa masiku pafupifupi awiri, ndipo mbali yaikulu ya njirayi khadi silithandiza. Ogulitsa chakudya m'malo oimapo mabasi, a zimbudzi zolipiritsa ndi onyamula katundu amafuna ndalama za m'manja. Ku Mozambique amagwiritsa ntchito metical. Ku Zimbabwe kunabwera ndalama yatsopano yotchedwa ZiG mu April 2024, koma dola ya America ndiyo imayenda kwambiri, ndipo chenji chimavuta, kotero madola ang'onoang'ono ndi ma rand ndi amene amathandiza. Makina nawonso amatha kufa. Mu November 2018 ma ATM ndi makina olipirira a mabanki ambiri a ku Mozambique anaima kwa masiku angapo kaamba ka mkangano ndi kampani imene inkayendetsa makinawo, ndipo apaulendo odalira khadi lokha anavutika pamodzi ndi eni dziko.

Ku South Africa zinthu n'zosiyana. Masitolo akuluakulu, malo ogona alendo ndi malo omwetsera mafuta amalandira makhadi, ngakhale kuti ena mwa ogulitsa katundu woodetsa amakonda ndalama za m'manja. Opita ku Chipata ndi Lusaka kudzera ku Mchinji, kapena ku msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam kudzera ku Songwe, amapeza ma ATM m'matauni, koma malonda a mumsika amayenda ndi ndalama za m'manja kapena za pafoni. Ku Guangzhou m'dziko la China ogulitsa ambiri amalandira ndalama kudzera pa Alipay ndi WeChat Pay, zimene kuyambira m'chaka cha 2023 zinafewetsa njira yoti alendo azilumikiza makhadi awo a Visa ndi Mastercard.

Ndalama zogwidwa m'mahotela ndi m'sitima

Pali mchitidwe wina umene umadabwitsa oyenda koyamba, kuphatikizapo ophunzira ndi aphunzitsi a ku Bunda opita ku misonkhano ndi maphunziro kunja. Mahotela, makampani obwereketsa galimoto ndi sitima zapamadzi zonyamula alendo okaona malo, monga zimene zimanyamuka ku Durban kupita m'mphepete mwa nyanja ku Mozambique, amayamba agwira ndalama ina pakhadi ngati chikole. M'sitima zotere munthu salipira ndi ndalama za m'manja pogula chakumwa kapena katundu. Amalembetsa khadi lake polowa, amapatsidwa khadi la m'sitimamo, ndipo zonse zimene wagula zimadzawerengedwa pamodzi kumapeto kwa ulendo.

Pakhadi la kirediti chikolecho chimangochepetsa ngongole imene munthu angatenge. Pakhadi la debiti, ndalama zenizeni za mu akaunti ndi zimene zimamangidwa, ndipo zikhoza kutenga masiku angapo, ngakhale masabata, zisanamasulidwe. Kwa Mmalawi amene khadi lake lili ndi malire a ndalama zakunja, chikole chimodzi cha hotela chikhoza kudya gawo lalikulu la malirewo tsiku loyamba. Ndi chanzeru kufunsa kuchuluka kwa chikolecho asanapereke khadi, ndipo kumene amalola, kupereka chikole cha ndalama za m'manja ndi kulandira lisiti.

Akuba ndi obwereka makhadi

Pa ma ATM a m'malo odzaza anthu monga kufupi ndi Park Station ku Johannesburg, akuba amadziwika ndi njira yonamizira kuthandiza. Wina amauza mlendo kuti makina avuta, amamugwirira khadi n'kumubwezera lina lofanana nalo, mnzake ataona kale nambala yachinsinsi. Ena amamata tizipangizo pamakina tokopera zimene zili pakhadi. Makina a mkati mwa banki kapena m'sitolo zikuluzikulu, nthawi ya masana, ndi amene ali otetezeka. Polemba nambala yachinsinsi munthu aphimbe ndi dzanja, ndipo asalole kuti wogulitsa apite ndi khadi kuseri. Nambala zitatu za kumbuyo kwa khadi pamodzi ndi nambala zazitali za kutsogolo n'zokwanira kuti wakuba agule zinthu pa intaneti m'malo ena, choncho kujambula khadi n'kutumiza pa WhatsApp n'chimodzimodzi kupereka khadilo. Kulakwitsa nambala yachinsinsi katatu kumachititsa kuti khadi litsekedwe kapena makina alimeze, ndipo banki ya kunja nthawi zambiri sibweza khadi la banki ina.

Vuto lina limayambira kuno kumudzi. Kusiyana kwa mtengo wa dola ku banki ndi pamsika wa mseri kumachititsa anthu ena kupempha achibale ndi anzawo kuti awabwereke makhadi, kapena kuti atsegule akaunti m'dzina lawo, n'cholinga chokatapa ndalama zakunja pamtengo wa ku banki ndi kudzazigulitsa modula. Mlimi amene wapatsidwa kangachepe kuti apereke khadi lake adziwe kuti zimenezi zimaphwanya pangano lake ndi banki komanso zikhoza kuphwanya malamulo oyendetsera ndalama zakunja, ndipo dzina limene limaoneka m'mabuku a banki ndi lake, osati la wobwerekayo.

Khadi likatayika kapena likabedwa, mwini wake aimbire banki nthawi yomweyo kuti alitseke, kenako akanene ku polisi ya dzikolo ndi kusunga chikalata chimene ampatse, popeza banki ikhoza kuchifuna pofufuza ndalama zobedwa. Khadi latsopano amakatengera ku nthambi ya banki kuno kumudzi. Ntchito za makampani monga Mukuru, Western Union ndi MoneyGram zimayenda mosavuta potumiza ndalama kuchokera kunja kubwera ku Malawi, koma kutumiza kuchokera kuno kupita kunja kumadalira kupezeka kwa ndalama zakunja ndi zikalata zimene malamulo amafuna. Pachifukwa chimenechi oyenda pafupipafupi amagawa mpamba wawo: gawo lina pakhadi, gawo lina m'manja atagula ku banki kapena ku malo ovomerezeka osinthira ndalama n'kusunga malisiti ake oonetsa pachipata, ndipo tikiti yobwererera amagulira kuno asananyamuke.