Mafuta Otontholetsa Mafunde

Limbe ali kutali ndi nyanja, komabe kwa zaka zambiri sitima za pa Nyanja ya Malaŵi zinkalamulidwa kuchokera kuno, pakuti mwini wake anali kampani ya Nyasaland Railways, imene likulu lake linali mu mzinda uno. Motero tsoka la pa 30 July 1946 linali maliro a kuno komwe. Tsikulo sitima yatsopano ya Vipya inagubuduzika m'namondwe pafupi ndi Florence Bay, kumene lero timati Chitimba, ndipo anthu 145 anamira. Amene anauonapo mwera sadabwa nazo.

Nanga amalinyero akale ankatani mafunde akakula msinkhu? Mwa zida zawo munali chimodzi chimene ambirife tingachiseke: mafuta.

Nzeruyi njakalekale. Pliny, mlembi wa ku Rome wa m'nthaŵi ya atumwi, analemba kuti mafuta amadzetsa bata panyanja. Bede, m'buku lake la mbiri ya mpingo ku England la chaka cha 731, anasimba za Bishopu Aidan amene anapatsa wansembe wina mafuta oyera kuti akawathire m'nyanja namondwe akabuka. Anthu anati nchozizwitsa, nkhani nkuthera pomwepo.

Amene anaifufuza mwakhama ndi Benjamin Franklin wa ku America. Mu 1757, ali paulendo wopita ku London m'gulu la zombo zambiri, anaona kuti kumbuyo kwa zombo ziŵiri madzi anali see, pamene kwina konse ankaŵinduka. Woyendetsa chombo anamuyankha ngati akuyankha mwana, kuti ophika ayenera kuti ataya madzi otsukira mbale, a mafuta. Franklin sanaiŵale. Patapita zaka, anathira kasupuni kamodzi ka mafuta padziŵe la ku Clapham, ndipo anafalikira mpaka madzi okwana pafupifupi theka la ekala anasalala ngati kalilole. Koma mu 1773, atayesa panyanja yeniyeni ku Portsmouth, mafunde oswekera kugombe sanamumvere. Iye sanabise kulepheraku, ndipo pamenepa mpomuyamikira.

Chinsinsi chake nchotere. Mphepo siigwira madzi osalala. Imagwira timafunde ting'onoting'ono tokhala pamsana pa funde lalikulu, monga khasu ligwira nthaka yokakala. Mafuta akagwera pamadzi amayala kachikopa kopyapyala zedi. Lord Rayleigh atakapima mu 1890 anapeza kuti mutagaŵa milimita imodzi m'zigawo miliyoni, kuchindikala kwake sikukwana zigawo ziŵiri. Kachikopaka kamakana kutamuka ndi kukwinyika, choncho timafunde tija timafa, mphepo nkumangoterera. Funde lalikulu limabwerabe, koma losasweka pamutu, ndipo bwato limakwera nkutsika m'malo modzazidwa ndi thovu. Mafuta a nsomba ndi a mbewu ndiwo ankagwira bwino ntchitoyi. Palafini ankachepa mphamvu.

Sankangowakhuthula ayi. Ankasoka thumba la chinsalu chokhuthala, kuikamo zingwe zakutha zonyika m'mafuta, kuliboola ndi singano, nkulipachika mbali yochokera mphepo kuti lizidontha pang'onopang'ono. M'mabwato opulumukiramo ankalimangirira ku nangula wa chinsalu, wooneka ngati mono, amene amayandama kutsogolo kuti mphuno ya bwato iziyang'ana mafunde. Ngakhale pangano la maiko la chitetezo cha panyanja la 1974 linkalamulabe kuti bwato lotere likhale ndi galoni imodzi, malita 4.5, ya mafuta a mbewu, a nsomba kapena a nyama.

Tisanamizane, mafuta sakanaipulumutsa Vipya. Sitima imene yapendeka mpaka madzi kuloŵa m'kati siidzutsidwa ndi galoni. Chimene eni ake anaphunzira chinali cha kamangidwe, ndipo Ilala, imene inapangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Scotland nkudzalumikizidwa ku Monkey Bay, inayamba ulendo wake mu 1951. Thandizo la mafuta linali la munthu amene ali kale m'kabwato, usiku, akudikira kuti kuche.

Lamulo lija linadzachotsedwa zaka za m'ma 1900 zisanathe. Mabwato opulumukiramo a sitima zazikulu tsopano ngotsekedwa pamwamba ndipo ali ndi injini, komanso maiko anayamba kuletsa kutaya mafuta m'madzi. Kwa ife chiletsochi nchomveka, poti nyanja yathu ndi madzi akumwa, ndiponso ndimo muchokera chambo ndi usipa zimene timagula mumsika wa Limbe.